Tisaumitse mathithi a Likhubula

Amene adakwerako phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula amadziwa kuti Malawi adadalitsidwa. Ukayenda mkati mwa chigwacho umamva mkokomo wa madzi usadawaone, kenaka maso amagwa pa mathithi amene amatsetsereka pathanthwe n'kudzathira m'Dziwe la Nkhalamba. Madzi ake ndi oyera, ozizira moti ngakhale m'mwezi wa Okutobala munthu amalowamo akunjenjemera.

Komatu madziwa sachokera m'mwala. Amasungidwa ndi nkhalango ndi udzu wa pamwamba pa phirili, lomwe nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Mizu imagwira mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitengo ikatha, mtsinje umasefukira m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe.

Apa ndi pomwe pali nkhawa yathu. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe udasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, watsala pang'ono kutheratu kaamba ka ocheka matabwa mozemba. Mitengo ina ikupita ndi makala komanso moto wolusa. Zonsezi zikuchitika m'nkhalango yomwe yakhala yotetezedwa ndi lamulo kuyambira 1927.

Wina asaganize kuti iyi ndi nkhani ya azungu odzajambula zithunzi. Anyamata onyamula katundu wa alendo ndi olondolera njira amadyera momwemu. Mtsinje wa Likhubula ndi womwenso umapereka ena mwa madzi amene amamwedwa mu mzinda wa Blantyre. Ndipo a ku Mulanje ndi Phalombe sadaiwale matope ndi miyala zomwe zidatsika ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Phiri lopanda mitengo siligwira dothi, ndipo akuluakulu adati madzi saiwala khwawa.

Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Ndi ulemu waukulu, koma satifiketi siithimitsa moto.

Ife tikuti nthambi ya zankhalango ipatsidwe anthu ndi zipangizo zokwanira, ndipo makhoti asalange wonyamula thabwa yekha kusiya mwini lole. Gawo la ndalama zomwe alendo amalipira lizioneka m'midzi ya m'tsinde mwa phirili, pakuti munthu amalondera chomwe chikumudyetsa.

Nanunso opita kukasambira kumapeto a sabata, mabotolo ndi majumbo anu muzibwerera nawo. Adzukulu athu adzafunenso kumva mkokomo umenewu.