MAGANIZO ATHU: Mwana Angathe Kusenza Zinenero Ziwiri

M'dziko la Amereka muli anthu oposa 40 miliyoni amene alankhula Cisipanishi m'nyumba zao, pamene Cingelezi ndico cimalamulira kusukulu, kunchito ndi m'maofesi a boma. Ambiri makolo ao anacokera ku Mexico, Puerto Rico ndi Cuba. Ena makolo ao anali kale m'zigawo zimene Amereka analanda kwa Mexico mu 1848. Funso limene lasautsa mabanja amenewa ndi ili: kodi mwana aleredwe m'cinenero citi?

Kwa zaka zambiri yankho la olamulira linali la nkhanza. M'sukulu zambiri za ku Texas ndi California ana anali kulangidwa akamveka alikulankhula Cisipanishi. Makolo ena, poopa kuti ana ao angasalidwe, analeka okha kulankhula nao m'cinenero cao. Cotulukapo cioneka m'mabanja ambiri: agogo adziwa Cisipanishi cokha, ana ao zonse ziwiri, koma adzukulu Cingelezi cokha, kotero kuti mdzukulu ndi agogo ake akhala pa khomo limodzi monga alendo.

Koma njira ina inalipo. Mu 1963 sukulu ya Coral Way mu mzinda wa Miami inayamba kuphunzitsa ana ocokera ku Cuba ndi ana a eni Cingelezi m'zinenero zonse ziwiri, theka la tsiku m'Cisipanishi, theka m'Cingelezi. Mu 1968 boma la Amereka linapanga lamulo lothandiza maphunziro a zinenero ziwiri. Otsutsa sanagone: mu 1998 anthu a ku California anabvota kuti ana aphunzire m'Cingelezi cokha. Koma mu 2016 anthu a cigawo comweco anabvotanso nacotsa ciletsoco.

Komabe sukulu payokha siingasunge cinenero. M'mera mpoyamba. Mabanja amene apambana ndi aja amene aika dongosolo mwana akali kumsana. Ena alankhula Cisipanishi cokha pakhomo, podziwa kuti Cingelezi mwana adzacipeza kusukulu ndi kwa anzake. Kwina mai agwira cinenero cimodzi, bambo cina, ndipo sasinthasintha. Mwana akasakaniza mau a zinenero ziwiri, makolo sacita mantha, pakuti umo ndimo akulira ana otere. Akamasinkhuka asiyanitsa yekha. Cofunika ndi cakuti amve cinenero ciriconse tsiku ndi tsiku, ndiponso akhale ndi anthu oyankhula nao.

Ife m'Zambia bvutoli sitilimva ngati mphekesera yakutali. Mu 1966 dziko lathu linasankha Cingelezi kukhala cophunzitsira kuyambira m'Giredi 1, ndipo kucokera apo ena aganiza kuti kuiwala Cinyanja, Cinsenga kapena Citumbuka ndiko kutsogola. Kumeneko ndi kusokera. Cingelezi tifuna, pakuti citsegula zitseko za nchito ndi maphunzilo apamwamba. Koma sicinapemphepo munthu kuti ataye cinenero cimene anayamwira.

Cotero tipempha inu atsogoleri a nthambi za cipani m'midzi, mafumu ndi aphunzitsi: nkhani iyi muikambe pamisonkhano yanu. Uzani makolo kuti nthano za madzulo, miyambi ndi ndagi ndiyo sukulu yoyamba ya mwana. Mwana wobwera kucokera kutauni asasekedwe akaphonya mau, koma aongoledwe mokoma mtima. Amene adziwa kuwerenga awerengere ana m'zinenero zonse ziwiri. Mwana wanu akathe kulemba kalata ya kuboma m'Cingelezi, akathenso kugwada ndi kupereka moni kwa ambuye ake m'cinenero cao.