Ufa wa walkman

Kuti mudziwe mmene zinthu zathinira m'tauni, pitani madzulo mumsika wa Ndirande kapena wa Kawale mukaone timajumbo ta ufa tija timati walkman. Mayi amagula kamodzi, kongokwana nsima ya usiku umenewo, n'kuwonjezera kamulu ka bonya, tomato awiri ndi timafuta tophikira tosadzaza ngakhale masupuni atatu. Thumba la makilogalamu 50 ambiri analiiwala kuyambira pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kenako ng'amba ya El Niño n'kuwotcha chimanga m'minda mu 2024, mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti wosauka ndiye amalipira zambiri, pakuti ufa wogula pang'onopang'ono ukauwonkhetsa umadula kuposa wa thumba. Ndipo njala imeneyi sithera m'mimba. Wodwala amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB amavutika kumwa popanda chotafuna, ena mpaka kudumphitsa masiku. Mwana woleredwa ndi phala lopanda nsinjiro amapinimbira, ndipo kale pa ana atatu alionse osakwana zaka 5, mmodzi ndi wopinimbira. Andale amazidziwa bwino zimenezi. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, koma kampeni ikangoyamba matumba a ufa amatsika m'malole pamisonkhano, pomwe anthu omwewo akapita ku ADMARC amagona pamzere n'kubwerera chimanjamanja.