Amphaka a kuseri kwa khitchini: poizoni satithandiza



Sukulu iliyonse yogonera komweko ili ndi amphaka ake. Palibe anawalemba m'kaundula, koma amapezeka kuseri kwa khitchini, kudzala ndi m'denga la hositelo. Alibe mbuye, ndipo ambiri anabadwira pomwepo osakhudzidwapo ndi dzanja la munthu. Akachuluka n'kuyamba kulira usiku wonse ndi kuba ndiwo, anthu sachedwa kugwirizana zothira temiki m'nsima yotsala. Ine ndikuti njira imeneyi ndi yoopsa, komanso siyithetsa vuto. Njira yabwino ndi kuwagwira amoyo, kuwafula, kuwabaya katemera, kenako kuwabwezera pamalo pawo.

Tiyambe ndi masamu. Mphaka wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha. Bere limatenga masiku pafupifupi 65, amaswa ana atatu mpaka asanu, ndipo kuno kotentha angathe kuswa kawiri kapena katatu pachaka.

Amene mumaphunzitsa za kuchulukana kwa zamoyo mu Biology, nachi chitsanzo chabwino. Pali chilumba chozizira cha dziko la South Africa chotchedwa Marion, kutali kum'mwera m'nyanja ya Indian Ocean. Mu 1949 anapititsako amphaka 5 kuti azigwira mbewa pa siteshoni ya zanyengo. Pofika 1977 amphakawo anali pafupifupi 3,400, ndipo ankadya mbalame za m'nyanja mazanamazana usiku uliwonse. Boma linaganiza zowatha onse. Linayamba ndi kuwafalitsira matenda mu 1977, kenako alenje a mfuti, misampha ndi poizoni. Amphaka omaliza anatha mu 1991.

Wina anganene kuti, mwaona, kupha kumatheka. Inde kunatheka, koma taonani mmene kunathekera. Zinatenga zaka 14, ndi ndalama za boma, pa chilumba chimene mphaka wina watsopano sangafikepo pokhapokha atakwera sitima. Sukulu yathu si chilumba. Mbali ina kuli msika, mbali ina mudzi, ndipo dzala lathu limalandira zotsala za ana mazana angapo tsiku ndi tsiku. Mukapha amphaka khumi lero, chakudya ndi malo ogona zimatsala osazigwiritsa ntchito. Amphaka a kumsika amasamukira komweko, ochepa amene anapulumuka amadya bwino n'kuswa ana athanzi, ndipo teremu isanathe kulira kuja kwayambiranso.

Poizoniyonso sasankha. Amapha galu wa mlonda, nkhuku za aphunzitsi, ndi kadzidzi amene amatigwirira makoswe. Ana ang'onoang'ono a m'nyumba za aphunzitsi amasewera kudzala komweko. Ndani wa ife angayankhe mlandu umenewo?

Mphaka wofulidwa, kapena wamkazi wochotsedwa chiberekero, amakhalabe pamalo pake. Amadya chakudya chimene chikanaitana obwera, amagwirabe makoswe, koma saswanso. Ndewu ndi kulira kwa nthawi yokwerana kumachepa kwambiri, fungo la mkodzo wa amphongo limachepanso. Gululo limachepa pang'onopang'ono lokha. Si nzeru yachilendo: ku Italy lamulo la 1991 linaletsa kuzunza amphaka okhala okha m'mizinda, ndipo linalamula kuti azifulidwa ndi madokotala a ziweto n'kubwezeredwa kumene anatengedwa. Kuno kwathu bungwe la LSPCA ku Lilongwe limafula agalu ndi amphaka komanso kubaya katemera wa chiwewe, ndipo ku Blantyre kuli bungwe la SPCA. Kumadera ena, poyambira ndi ku ofesi ya vetenale ya m'boma lanu.

Kagwiridwe kake kali motere. Musagwire ndi manja mphaka wosazolowera anthu, ndipo musatume mwana wa sukulu. Pamafunika msampha wa khola la waya, wokhala ndi chitseko chimene chimadzitseka mphaka akaponda mkati. Kambiranani kaye ndi a vetenale za tsiku, kuti mphaka asakhalitse m'khola. Kwa masiku angapo ikani chakudya pamalo amodzi, nthawi imodzimodzi, madzulo. Tsiku lotsatira musaike kanthu, kuti njala iwagwire. Kenako tcherani, nyambo yake usipa pang'ono kumapeto kwenikweni kwa khola. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amphaka ena amazungulira msampha masiku atatu asanalowe. Akakodwa, fundikani kholalo ndi chitenje kapena thumba, pakuti mdima umawakhazika mtima pansi, ndipo liikeni pamthunzi. Wamkazi woyamwitsa tiana tating'ono musiyeni kaye mpaka tianato titayamba kudya tokha.

Pa opaleshoni dokotala amadula kansonga ka khutu la kumanzere mphaka ali chikomokere. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti uyu anathana naye kale, musavutike kumugwiranso. Akatsitsimuka bwino, patapita tsiku limodzi kapena awiri, mumutsegulire pamalo pomwe munamugwira. Kukamutaya kutali, kumene sadziwa kopeza madzi ndi chakudya, n'chimodzimodzi kumupha.

Chisamaliro chotsatira n'chochepa: madzi oyera, chakudya pa nthawi yake, ndi kuchotsa zotsala kuti zisaitane makoswe. Mkaka wa ng'ombe amphaka ambiri akuluakulu umawatsegula m'mimba. Tiana tosakwana milungu 8 timatha kuzolowera anthu, choncho tingapatsidwe kwa mabanja amene ali ndi nkhokwe ya chimanga yofuna mlonda. Wamkulu amene anakulira kutchire kawirikawiri sasintha, musamukakamize kukhala m'nyumba.

Za chiwewe tisazipeputse. Agalu ndi amene amapatsira anthu kwambiri, koma mphaka nayenso amatha. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ichi n'chifukwa china chogwirira amphakawa: wobayidwa katemera amateteza ana athu kuposa mlendo amene angalowe m'malo mwake.

Otsutsa ali ndi mfundo ziwiri zomveka. Yoyamba ndi ndalama. Opaleshoni si yaulere kulikonse, ndipo ntchitoyi imaphula kanthu pokhapokha ambiri a gululo atafulidwa, osati awiri kapena atatu. Yachiwiri ndi mbalame ndi abuluzi, pakuti mphaka wokhuta amasakabe. Pafupi ndi nkhalango yotetezedwa sindingalimbikitse kusunga gulu la amphaka. Koma kuseri kwa khitchini ya sukulu, amphaka 6 osaswa amawononga zochepa kuposa 30 oswa chaka ndi chaka.

Ndikudziwanso zimene ena amanena za mphaka wolira usiku, makamaka wakuda. Ana amatimvera ndipo amationera. Akationa tikugenda chinyama chifukwa cha mantha, amaphunzira kugenda. Akationa tikuwerenga amphaka, kulemba m'kope ndi kupeza njira, amaphunzira sayansi imene timawalembera pa bolodi.

Choncho a patironi a Wildlife Club, teremu ino yambani ndi kalembera: amphaka alipo angati, amadya kuti, angati ali ndi bere. Manambalawo mupite nawo kwa ahedi. Ndipo inu ophunzira athu akale amene tsopano ndinu a vetenale, sukulu yanu ikukufunani, bwerani ndi msampha umodzi.