Dzuwa la ku Tete limapusitsa alamu

Anyamata ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Zóbuè akatsikira ku mzinda wa Tete kukafuna ganyu, ntchito imene imapezeka msanga ndi ya ulonda. Koma masiku ano mlonda sakhalanso yekha pageti ndi chibonga chake, pakuti mabwana a ku Matundo, Chingodzi ndi madera ena anayamba kupachika makamera ndi alamu pazipupa za nyumba zawo. Tsiku limene makinawa alephera, woyamba kulozedwa chala ndi mlondayo.

Mlandu wake umayenda motere. Wakuba walowa masana n'kutenga njinga, koma alamu sinalire ndipo kamera sinajambule. Bwana amati mlonda anapangana ndi mbavayo, pamene mlonda amalumbira kuti mbavayo inali ndi mankhwala ophimba makina m'maso. Kawirikawiri onse awiri amakhala ataphonya, ndipo munthu amabwerera kumudzi chimanjamanja pa mlandu wa dzuwa ndi fumbi.

Pa makamera ambiri a alamu pali kapulasitiki koyera kooneka ngati theka la dzira. M'kati mwake muli sensa imene amisiri amaitcha PIR. Sensayi siona nkhope ya munthu ayi, imangomva kutentha kwa thupi limene likuyenda, ndipo ikamva imadzutsa kamera ndi belu. Thupi la munthu limatentha pafupifupi madigiri 37. Tsono mzinda wa Tete uli m'chigwa cha mtsinje wa Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Chipupa ndi simenti ya pabwalo zikatentha ngati thupi la munthu, sensa imavutika kusiyanitsa, motero munthu atha kudutsa iyo ili chete. Mankhwala ake ndi kuipachika pamthunzi, pansi pa khonde, mamita awiri kapena awiri ndi theka kuchokera pansi, osaiyang'anitsa kotulukira kapena kolowera dzuwa.

Vuto lachiwiri ndi alamu yolira popanda wakuba. Usiku timagetsi tofiira ta pakamera ndi kufunda kwake zimakopa tizilombo touluka, makamaka nyengo ya ngumbi. Kumene kuli tizilombo kangaude amatchera ukonde wake ndipo nalimata amabwera kudzadya. Kanthu kakang'ono kakadutsa pafupi ndi diso la kamera kamaoneka ngati chimunthu. Mphaka, mbuzi, nthambi ya mango yogwedezeka ndi mphepo, ngakhale zovala zoiwalika pachingwe, zonsezi zimaliza alamu. Choopsa n'chakuti bwana akatopa ndi phokoso amaizimitsa, ndipo usiku umenewo nyumba imagona yosatetezedwa.

Chachitatu ndi fumbi. M'chilimwe Tete ndi mzinda wafumbi, ndipo ku Moatize, mtunda wa makilomita pafupifupi 20, kuli migodi ikuluikulu ya malasha imene inayamba kutulutsa malasha ambiri mu 2011. Fumbi likamatira pagalasi, chithunzi chimachita chifunga, ndipo usiku chimangoyera mbuu. Kansalu kofewa, koyera ndi kouma kamakwanira kupukutira kamodzi pasabata. Parafini, petulo ndi sopo wa ufa zimawononga pulasitiki.

Chachinayi ndi moto. Mayunitsi a Credelec akatha kapena magetsi akazima, alamu imadalira batire, nthawi zambiri la mavoti 12, lobisika m'kabokosi m'nyumba. Kutentha kumakalambitsa batire msanga, kotero limene linali labwino chaka chatha litha kufa ola lisanathe. Kamera yoyendera sola nayo imafooka ngati galasi la sola lakutidwa ndi fumbi. Ndipo makamera otumiza uthenga pafoni ya bwana kudzera pa khadi la Movitel, Vodacom kapena Tmcel amakhala duu ngati ndalama za intaneti zatha.

Pali njira yapafupi yoyesera zonsezi. Mlonda apemphe bwana kuti ayatse alamu, kenaka iye ayende chopingasa kutsogolo kwa kamera, kuchokera kumanja kupita kumanzere, pakuti sensa imagwira bwino munthu wodutsa kusiyana ndi wobwera molunjika. Ayese m'mawa kukuzizira, ayesenso masana dzuwa lili paliwombo. Ikalira m'mawa n'kukana masana, wolakwa ndi kutentha. Ikakana nthawi zonse, ayang'ane ngati kanyale kake kakuyaka komanso ngati makoswe sanadye waya.

Apa ndi pamene mlonda ayenera kulekezera. Kutsegula bokosi ndi kugwira mawaya ndi ntchito ya mmisiri, ndiponso alamu zambiri zimalira munthu akangotsegula chivundikiro chake. Chimene chingam'pulumutse mlonda ndi kope ndi bolopeni. Alembe tsiku ndi nthawi imene alamu yalira pachabe, imene magetsi anazima, ndi imene anawauza bwana. Tsiku la mlandu kopelo lidzamuyankhulira.

Makolo amene ali ndi ana olondera ku Tete awatumizire mawu amenewa, ndipo awakumbutse kuti safunsa anadya phula. Wolowa ntchito pa nyumba ya makamera afunse tsiku loyamba lomwelo kuti batire linasinthidwa liti ndiponso mmisiri wake ndani.