Anatidulira Malire, Mlatho Wathu Unatsala Theka

Ife olemba madandaulo ano ndife alimi a m'midzi ya tsidya lino la mtsinje, anthu a gulupu mmodzi, m'boma lina la kumwera kuno. Mayina a midzi yathu ndi a atsogoleri athu sitiwatchula, chifukwa mawa tidzafunabe kukagwada pakhomo pawo kupempha kalata. Tinakhala pansi amuna ndi amayi, aliyense kunena chake, ndipo aphunzitsi ena opuma ntchito a m'mudzi mwathu ndiwo atigwirira cholembera.

Mu Seputembala 2018 kunabwera anyamata ndi atsikana a kalembera atanyamula timakina m'manja. Anatifunsa zonse: m'nyumba mwagona anthu angati, denga ndi la udzu kapena la malata, madzi timatunga kuti, chimbudzi chilipo kapena ayi, ndani wamwalira m'miyezi yapitayi. Tinayankha osabisa, ngakhale za maliro zimene munthu safuna kukumbutsidwa. Pambuyo pake tinamva pa wailesi kuti Amalawi takwana 17.5 miliyoni, pomwe mu 2008 tinali 13 miliyoni. Tinakondwera. Tinkati poti boma ladziwa kuchuluka kwa ana athu, midadada ya sukulu ndi kachipatala zibwera molingana ndi mitu yathu. Chimene chinatipeza ndi malire atsopano.

Musatiyese anthu okana chilichonse. Chifukwa chodulira malire tinachimva ndipo n'chomveka. Madera a aphungu 193 aja anadulidwa mu 1998, ndipo ana obadwa chaka chimenecho lero ali ndi ana awo kumsana. Gawo 76 la Malamulo a dziko lino limati madera azikhala ndi ovota ochuluka mofananako, koma poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje, komanso malire a ulamuliro omwe alipo kale. Pa chisankho cha 2014 Likoma inali ndi ovota osafika 10,000 pamene dera lina la mumzinda wa Lilongwe linali ndi oposa 100,000, koma uku phungu mmodzi, uko phungu mmodzi. Ngakhale ife osapita patali ndi sukulu tikuona kuti pamenepo panali pokonza. Ndiye mu 2021 ndi 2022 malire anaunikidwanso, Nyumba ya Malamulo inavomereza, madera a aphungu anakwera kufika 229, ndipo a makhansala anachoka pa 462 kufika 509. Mzere watsopano unatsata mtsinje wathu. Sukulu ya sekondale, chipatala, msika ndi chigayo zinatsala tsidya ilo, m'dera lakale. Ife tinaponyedwa m'dera latsopano, limene likulu lake lili kuseri kwa phiri, kumene ambiri a ife sitinapondeko chibadwire.

Akuti anthu anafunsidwa maganizo. Mwina anafunsidwa ndithu. Ife tinangomva kuti misonkhano ikuchitikira kuboma, m'holo, ndi kuti mapu apachikidwa kuti aliyense akaone. Kuchoka kwathu kukafika kuboma, munthu amadzuka tambala woyamba, kuyenda pansi mpaka pamsewu, kukwera kabaza, kenako minibasi. Ulendo wopita ndi kubwera umadya mtengo wa nkhuku ziwiri, osawerengera chakudya cha pa njira. Ndani angagulitse nkhuku ziwiri kuti akaone pepala pakhoma? Amene anapita ndi mafumu akuluakulu ndi a zipani, anthu obwezeredwa ya thiransipoti. Agulupu athu anabwerako n'kutiuza kuti mapuwo anali ndi mizere yambirimbiri, ndipo iwo sanathe kupezapo ngakhale mudzi wawo. Nkhani yeniyeni tinadzaimvera pa maliro, mphekesera chabe, zinthu zitatha kale.

Chimene chatipweteka kwambiri, ndipo sitikudziwa ngati odula malire anachiganizira, ndi ichi. Malire anavomerezedwa mu 2022, koma chisankho chogwiritsa ntchito malire amenewo chinadzachitika pa 16 Seputembala 2025. Zaka pafupifupi zitatu zimenezo, pa pepala tinali anthu a phungu wakale. Koma phunguyo anali atadziwa kale kuti mavoti athu sadzawaonanso. Galimoto yake, imene kale inkafika pa maliro aliwonse ndi bokosi ndi thumba la ufa, inaleka kuwoloka. Tinali ngati mayi amene ukwati wake watha pa bwalo koma wauzidwa kuti akhalebe m'nyumba ya mwamunayo zaka zitatu: wa ndiwo sapatsidwa, sopo sagulirwa, ndipo kwawo sangapite. Tikapita kwa a komiti yake ankatilandira bwino, kutipatsa mpando, n'kutiuza kuti abwana amva. Ena opanda manyazi ankatiuza pamaso kuti tikadandaule kwa phungu wathu watsopano, munthu amene pa nthawiyo kunalibe, ngakhale chipulula chisanachitike.

Ndipotu zaka zimenezo ndi zimene ndalama za chitukuko cha m'dera, zija amati CDF, zinakwera. Mu 2022 zinafika K100 miliyoni pa dera lililonse, mu 2024 zinafika K200 miliyoni. Tinkamva ziwerengerozo pa wailesi tili m'munda. Ndalamazo zinkabwera m'dzina la dera lonse lakale, ndi ife omwe tinali m'kati mwa chiwerengero chake. Koma mijigo yatsopano, malata a sukulu ndi milatho ing'onoing'ono zonse zinkagwera tsidya ilo, kumene kunali mavoti a mawa.

Tinene za mlatho wathu. Unayamba kumangidwa malire asanasinthe. Anatiuza kuti mbali yathu ndi kututa mchenga ndi kuswa miyala, simenti ndi zitsulo zichokera ku CDF. Tinagwira ntchitoyo mudzi ndi mudzi, amayi kusenza mchenga pamutu ana ali kumsana, abambo kuswa miyala mpaka manja kuchita matuza. Wojomba ankalipa chindapusa kwa amfumu. Zipilala zinaima, n'kutsala kuyala pamwamba. Kenako kontrakitala ananyamula zida zake, akuti ndalama za gawo lachiwiri zikubwera. Namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023, madzi anakokolola milu yathu ya mchenga ndi mitengo imene tinkayala pa zipilalazo kuti tiziwolokerapo. Zipilala zokha zilipobe. Ana amakwerapo n'kumadumphira m'madzi.

Mtsinje umenewo si wa masewera mvula ikagwa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mayi woyembekezera amayenera kupita kuchidikiro mwezi wake usanakwane, atanyamula ufa, nkhuni, ndiwo ndi womudikirira. Kunyumba kumatsala ana okha, munda n'kumera thengo, nthawi yopalira ndi yothira feteleza n'kudutsa. Amene wachedwa, matenda n'kumuyamba usiku madzi atadzadza, timamunyamula pa machira kuzungulira kumtunda kumene kuli mlatho wa msewu waukulu, ulendo wotha usiku wonse. Ena anachirira pa njira, ndipo sikuti onse anabwerera ndi mwana m'manja. Za zimenezi sitinena zambiri, eni ake ali pakati pathu pano. Nthawi ya kolera ija, mu 2022 ndi 2023, njira inali yomweyo. Kupita kuchigayo n'chimodzimodzi: anyamata owolotsa anthu amalipiritsa munthu payekha, thumba palokha, njinga payokha, popita ndi pobwera. Ukawerengera bwino, lichero limodzi la ufa limatsala pa mtsinje. Tomato ndi kabichi wa kudimba amaolera m'madengu podikira kuti madzi aphwe, ndipo mavenda amene amalimba mtima kubwera tsidya lino amagula pa mtengo wotaya chifukwa akudziwa kuti tilibe kolowera.

Ana athu a sekondale amaphunzira tsidya ilo, pa sukulu imene njerwa zake tinaumba nawo ndife. Kale mwana wamasiye kapena wa kholo losauka ankalembedwa pa mndandanda wa basale ya m'dera. Malire atasintha, mayina a ana a kuno anayamba kusowa pa mndandandawo mmodzimmodzi. Lero ukapita tsidya ilo amati mwanayu kwawo ndi dera lina. Ukapita kuseri kwa phiri amati sukulu imene akuphunzirayo si ya m'dera lathu. Kholo limayenda uku ndi uku ndi kalata ya amfumu mpaka kalatayo kung'ambika m'mapindo, teremu n'kutha, mwana atabwezedwa chifukwa cha fizi. Atsikana ena amene anali anzeru m'kalasi lero ali pa banja. Anyamata ena anatsikira ku Mozambique kukagwira maganyu.

Pa kalembera wa zisankho kumapeto kwa 2024 panalinso chisokonezo chake. Dera la munthu limatsata malo amene walembetsera. Ena a ife, makamaka okalamba, anapita pa sukulu ya tsidya ilo pomwe akhala akuvotera chiyambire 1994, chifukwa palibe anawauza kuti zasintha. Ena analembetsa tsidya lino. Mapeto ake m'mudzi umodzi, ngakhale m'nyumba imodzi, bambo anavotera phungu wina, mayi wina. Amene analibe chiphaso cha unzika anayenera kuyamba asakasaka chimenecho, nthawi imene mafuta ankasowa m'dziko muno ndipo akabaza anakweza mitengo mmene afunira. Agogo ambiri anangoti basi, zitipitirire.

Nthawi ya kampeni ndiye tinaona alendo. Anthu amene sitinawaonepo ankabwera ndi zimkuzamawu, kutitchula abale awo, kulakwitsa dzina la mudzi wathu pa msonkhano. Aliyense ankaima pa zipilala zija n'kujambulitsa. Aliyense ankalumbira kuti mlatho ndiye ntchito yake yoyamba. Tinavota mwamtendere, tinapeza phungu ndi khansala atsopano, ndipo sitikuwanenera zoipa, ndi anthu aulemu. Koma titapita kukawakumbutsa, anatiuza kuti mlathowo m'mabuku a kukhonsolo unalembedwa m'dzina la dera lakale, ndiye iwo sangaikepo ndalama pa ntchito ya eni ake asanadziwe kuti zoyamba zinayenda bwanji. A dera lakale akuti mlathowo ukuthandiza anthu a dera lina. Phungu ndi khansala atsopanowo anatiuzanso kuti mu Meyi 2025 khoti linagamula kuti aphungu asamayendetse ndalama za CDF, choncho tipite kukhonsolo. Kukhonsolo anatiuza kuti tidzere ku komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, ija amati ADC. Komitiyo imatsata malire a mfumu, osati a phungu, ndiye tsopano muli aphungu awiri ndi makhansala angapo, aliyense kukokera kwake. Nkhani yathu imalembedwa m'maminitsi, msonkhano n'kutha, anthu n'kubalalika. Nthumwi zathu zikapita, ndalama ya ulendo timasonkha khomo ndi khomo, ndipo makomo ena tsopano akukana kusonkha. Sitingawadzudzule.

Mfumu yathu ndi yomweyo, manda athu ali pomwepo, tchalitchi ndi mzikiti sizinasunthe. Msonkho wa pamsika timalipira tsidya ilo monga kale. Malamulo aja amatchula mayendedwe, koma ife tikafuna kuonana ndi phungu wathu lero tiyenera kukwera phiri kapena kuzungulira kudzera m'dera lakale lomwelo limene anatichotsamo, kuwoloka mtsinje womwewo wopanda mlatho. Amene anajambula mzerewo anaona mtsinje pa mapu n'kuti apa ndiye pabwino podula. Akanabwera mwezi wa Febuluwale n'kuima m'mphepete mwake, akanatifunsa kuti chipatala chanu chili mbali iti.

Mutikhululukire, mabwana, ngati mawu athu ayamba kulemera. Tinaleredwa kuti wamkulu sakalipiridwa, ndipo takhala chete nthawi yaitali. Koma mitima yathu yawawa. Pofuna kutiwerenga munafika khomo lililonse, ngakhale kanyumba ka nkhalamba ka kumapeto kwa mudzi simunakaphonye. Pofuna mavoti munafikanso, njira simunaione kutalika. Nanga bwanji pofuna kutisamutsa dera munatiitanira kuholo ya kuboma? Aphungu awonjezeka ndi 36, aliyense ndi malipiro ake ndi maalawansi ake, ndipo ndalama zimenezo zapezeka. Ya simenti yomalizira mlatho umodzi ndiyo ikusowa? Tatopa nako kupatsidwa mpando ndi kuuzidwa kuti abwana amva. Pepani, koma zikutikwiyitsa.

Sitikupempha kuti malire abwerere mwakale, tikudziwa kuti zimenezo sizingatheke lero. Tikupempha kuti a kukhonsolo, aphungu awiriwa ndi mfumu yaikulu abwere tsiku limodzi adzakhale pansi ndi ife kuno kumudzi, osati kuholo, atatenga mabuku a mlathowo, atiwerengere kuti panalowa ndalama zingati, zinatsala zingati, ndipo womaliza ndani. Ana a basale alembedwe potsata kumene amagona kapena kumene amaphunzira, chimodzi mwa ziwirizi, koma chinenedwe poyera kuti makolo aleke kuzunguliridwa. Ndipo kalembera wina akadzachitika, malire n'kudzaunikidwanso, mapu adzafike pa bwalo la gulupu, wina adzatifotokozere m'Chichewa, komanso padzakhale lamulo loti ntchito zimene zayambika zimalizidwe ndi dera limene linaziyamba, anthu asanaperekedwe kwina.

Ngati yankho ndi lakuti mlathowo sudzamangidwa, mutiuze mosabisa mvula isanayambe. Miyala imene inatsala ija tikaitute, tikamangire zimbudzi pa sukulu ya pulayimale, ndipo amayi oyembekezera tiyambe kuwasonkhera ufa wa kuchidikiro nthawi ikadalipo.