Nyanja ziwiri, dzina limodzi: za wofuna kuphunzira thanga ku Wallacedene

Chiyankhulo chathu chili ndi liwu limodzi lotchulira madzi aakulu. Amene ali pakati pa Nkhotakota ndi Metangula timati nyanja, amene azungulira Cape Town timatinso nyanja, ndipo tikafuna kusiyanitsa timangowonjezapo kuti "yamchere", ngati kuti kusiyana kwake kumathera pa lilime. Angerezi ali ndi lake ndi sea, Apwitikizi ali ndi lago ndi mar. Ife, amene chiyankhulo chathu chidatenga dzina lake ku madzi omwewo, tidakhutira ndi liwu limodzi. Pamtunda zimenezi sizipweteka munthu. Zimasanduka nkhani ya moyo ndi imfa tsiku limene mmodzi wa ife waganiza zokwera chombo.

Woganiza zimenezo alipo. Ku Wallacedene, dera la nyumba zambiri zamalata ku Kraaifontein, pamtunda wa makilomita oposa 30 kuchokera ku doko la Cape Town, kuli mnyamata wa kwathu, wobadwira m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, amene amakhalira maganyu openta nyumba. Akufuna kuphunzira kuyendetsa chombo cha thanga, kuti tsiku lina adzatsate gombe kuchoka ku Cape Town mpaka ku Beira, mwinanso mpaka ku Chinde, pamatsiriro a Zambezi, pomwe padali khomo la dziko lathu kwa zaka pafupifupi 30 kuyambira mu 1891. Chombo chotere sadakwerepo. Wallacedene imadziwika ndi mlandu wa mayi Irene Grootboom, amene mu 2000 adafika mpaka kukhoti lalikulu loona za malamulo a dziko pomenyera malo okhala. Kumalo kumene anthu adachita kupita kukhoti chifukwa cha denga, wolota thanga amaoneka wopenga, ndipo anzake amamuseka kuti zimenezo n'zachizungu. Ena amamulimbitsa mtima kuti: "Iwe ndiwe mwana wa kunyanja, madzi ndi ako." Omusekawo akulakwa. Koma ine ndimaopa kwambiri omulimbitsawo.

Kuyankha oseka n'kosavuta, chifukwa umboni uli m'kamwa mwawo momwemo. Tikamati kumpoto, kumwera, kuvuma ndi kuzambwe, tikutchula mbali zinayi za dziko ndi mayina amene msodzi amatchulira mphepo: mpoto, mwera, vuma ndi zambwe. Munthu wa ku Lusaka amene sadaonepo funde akati "kumwera kwa mzinda", akuyankhula ngati woyang'ana nyengo pagombe. Ndiye pali mawu a chombo chenicheni. Thanga likufanana ndi tanga wa m'Chiswahili, mlongoti ndi mlingoti, nangula ndi nanga. Chombo ndi ngalawa zili konsekonse. Amalinyero ndi marinheiro wa Chipwitikizi atavala zovala zathu. Mawu amenewa sadabwere ndi sukulu, adabwera ndi anthu okoka zingwe. Mbiri yake siyokoma yonse ayi. Zombo za matanga zimene a Jumbe ankapanga ku Nkhotakota kuyambira cha m'ma 1840 zinkawolotsa minyanga ndi akapolo. Koma luso lidatsala atatha malondawo, ndipo pakati pa Likoma ndi gombe la Mozambique zombo za matanga zakhala zikunyamula anthu, nkhuni ndi ufa mpaka m'masiku athu ano. Amene adamasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatha mu 1922, atafika pa mutu 27 wa Machitidwe, pomwe pali nkhani ya kusweka kwa chombo, sadasowe mawu a thanga, tsigiro ndi anangula.

Ngakhale ku Cape komweko mawu oti "zachizungu" adatha ntchito. Neal Petersen, mwana wa ku Cape Town wa m'nthawi ya tsankho, adadzipangira chombo ndipo adamaliza mpikisano wa Around Alone wa 1998 mpaka 1999, nakhala munthu wakuda woyamba kuzungulira dziko lapansi yekha pa mpikisano wotere. Asenathi Jim, wokulira ku Red Hill pafupi ndi Simon's Town, adaimira South Africa pa masewera a Olympics ku London mu 2012. Mu 2023 Sibusiso Sizatu adatsogolera achinyamata a sukulu ya Royal Cape Yacht Club pa mpikisano wochoka ku Cape Town kupita ku Rio de Janeiro. Khomo ndi lopapatiza, ndalama zake n'zambiri, koma si lotseka.

Vuto lili ndi omulimbitsa mtima aja, chifukwa amene akuwanamiza ndi liwu lija loti nyanja. Sindikunyoza nyanja yathu. Ndi yaitali makilomita oposa 550, yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo pa 30 July 1946 idameza sitima ya Vipya pamodzi ndi anthu 145. Wokulira pamenepo amadziwa kuopa madzi, ndipo mantha amenewo ndi chuma. Koma nzeru zake zambiri zikawoloka malire zimatembenuka.

Taonani mphepo. Kwathu mwera ndi mphepo ya nyengo yozizira, ya June ndi July, imene imasunga mabwato pamchenga masiku angapo. Ku Cape mphepo yochokera mbali yomweyo, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, imawomba m'chilimwe chawo, kuyambira cha mu November mpaka March, kumwamba kuli mbee, dzuwa likuswa mtengo. Maso a munthu wa kwathu akaona thambo lotero amati kunja kwacha bwino. Choipa china n'chakuti mphepo imeneyi imakankhira kutali madzi ofunda a pamwamba, ndipo ozizira a pansi amakwera, mwakuti mbali ya Atlantic madzi amatha kutsika kufika madigiri 12 kapena kucheperapo m'mwezi wotentha kwambiri. Nyanja yathu pamwamba pake siitsika kwenikweni pa madigiri 23 kapena 24. Mnyamata amene ankasambira theka la tsiku ku Senga Bay akagwera m'madzi a ku Table Bay, manja amayamba kukanika kugwira chingwe pasanathe nthawi yaitali.

Kenaka pali chinthu chimene nyanja yathu ilibe. Madzi a kwathu amakwera ndi mvula, natsika ndi chilimwe, kamodzi pa chaka. A kunyanja yamchere amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, pokokedwa ndi mwezi. Ku Cape Town kusiyanako sikufika mamita 2, koma ku Beira, kumene mnyamatayu akufuna kukafika, kumapitirira mamita 6 mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa. Pamene waponya nangula m'mawa pali madzi, masana pali matope.

Ndipo ulendo wakewo ndi wokwera chitunda, ngakhale madzi amaoneka osalala. M'mbali mwa gombe la kuvuma kwa South Africa muli mtsinje waukulu wa m'nyanja, wa Agulhas, umene umathamangira kumwera cha kuzambwe, nthawi zina paliwiro loposa la munthu woyenda ndawala. Wochoka ku Cape Town kupita ku Durban, mtunda wa mamailosi apanyanja pafupifupi 800, akulimbana nawo. Mphepo yamphamvu yochokera kumwera cha kuzambwe ikakumana nawo maso ndi maso, mafunde amaima ngati zipupa. Pakati pa East London ndi Durban pali mamailosi pafupifupi 250 opanda doko lothawirako. M'dera limenelo mu 1909 mudasowa sitima ya Waratah ndi anthu 211, ndipo mu 1991 mudamira Oceanos, ngakhale kuti onse adapulumutsidwa. Zimenezo zidali sitima zazikulu za injini.

Apa ndi pamene ife okonda chiyankhulo timayamba kuyabwa m'manja. Tikamva kuti Chichewa chilibe mawu a zinthu zimenezi, timathamangira kupeka, ndipo pofika madzulo timakhala tagwirizana liwu lalitali ngati chingwe cha khoka, limene palibe adzalitchule. Pa nkhani ya makompyuta masewera otere savulaza munthu. Pa chombo amavulaza. Lamulo la pachombo liyenera kukhala lalifupi, lomveka mumphepo, ndipo aliyense alimve chimodzimodzi. Pamene chombo chikutembenuka mphepo ili kumbuyo, mtanda wa pansi pa thanga umadutsa mwamphamvu pamwamba pa mitu ya anthu. Wochedwa kumva umamugwetsera m'madzi. Anthu amene mnyamatayu adzakwere nawo adzakhala oyankhula Chixhosa, Chiafrikaans ndi Chingerezi. Choncho port, starboard, tack ndi gybe aziloweze monga momwe zilili, mpaka thupi lizimvera mutu usanamasulire. Ngakhale kumanja ndi kumanzere sikungalowe m'malo mwa starboard ndi port, chifukwa dzanja lamanja limatembenuka ndi mwini wake, pomwe starboard ndi mbali ya chombo, siisuntha kaya wayang'ana kutsogolo kaya kumbuyo. Liwu lopempha thandizo pa wailesi, Mayday, Angerezi omwe adachita kubwereka ku Chifalansa, ndipo palibe adadandaula kuti chiyankhulo chawo chanyozeka.

Ntchito ya Chichewa ili pena, ndipo ndi yaikulu kuposa imeneyo. Kuloweza liwu ndi kumvetsa chinthu n'zosiyana. Munthu angathe kunena tack bwinobwino koma osadziwa chifukwa chake chombo sichingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Muuzeni m'chiyankhulo chake kuti thanga likayang'anizana ndi mphepo limangokupiza ngati nsalu pachingwe, kuti chombo chiyenera kupatuka pafupifupi madigiri 45 kuti thanga likhute, ndipo kuti wofuna kupita kumene mphepo ikuchokera amayenda mokhotakhota monga mayi wosenza mtolo amakwerera phiri. Muuzeni kuti chitsulo cholemera cha pansi pa chombo ndicho chimachiletsa kutsetserekera m'mbali ndi kugubuduka. Muuzeni kuti thanga limapindidwa mphepo isanakule, chifukwa ikakula manja sakwanira. Zimenezi zikalowa m'Chichewa zimakhala zake, ndipo usiku, atatopa, akusanza, adzaganiza m'chiyankhulo chimene adayamwira.

Pamene mawu akusowadi, tiyambe tafunsa tisanapeke; safunsa adadya phula. Za kukwera ndi kutsika kwa madzi, Aswahili amati maji kujaa ndi maji kupwa, ndipo gombe lenilenilo amalitcha pwani. Ife tili ndi mneni yemweyo: madzi akaphwa pa dambo, tonse timamva. "Madzi akuphwa" ndi "madzi akudzaza" ndi mawu amene agogo angamve popanda mtanthauziramawu, bola tiwonjeze kuti kuno zimachitika kawiri pa tsiku. Za mtsinje wa m'nyanja, asodzi ena a kwathu amati mweza, madzi okoka amene amapotoza ukonde pansi. Ngati liwu limeneli likukwana pa Agulhas, bwanji tisaligwiritse ntchito? Ndi laling'ono pa chinthu chachikulu chotero, koma nalonso liwu loti sitima linkatchula Ilala yoyamba ya mu 1875, kachombo konyamulika pamitu, ndipo lero limanyamula zombo zazikulu za ku Durban. Chimene ndikukana ndi chakuti ife a madigiri, ambiri mwa ife osadziwa ngakhale kugwira nkhafi, tikhale pansi n'kumapangira mawu anthu amene ali nawo kale.

Kwa mnyamatayo, njira yake ndi yosasangalatsa kuimva. Asayambe ndi kulota zogula chombo. Ayambe ndi kukwera zombo za ena ngati wothandiza. Eni zombo ku makalabu amafuna manja, makamaka pa mipikisano ya madzulo m'chilimwe, ndipo wofika pa nthawi yake, wosanyinyirika kutsuka ndi kupinda matanga, amaitanidwanso. Kwa munthu wa ku Wallacedene mayeso oyamba ndi a thiransipoti: kupita kudoko n'kubwerera ku Kraaifontein kutada, ndalama ya tsikulo itapita. Maulendo onse awalembe m'buku, chifukwa ziphaso za South African Sailing, kuyambira Day Skipper kukafika Coastal Skipper, zimafuna umboni wa mtunda umene munthu wayenda panyanja. Aphunzire kuyankhula pa wailesi ya VHF, adziwe kuti tchanelo 16 ndi ya ngozi. Adziwenso kuti a NSRI, amene akhala akupulumutsa anthu pagombe limeneli kuyambira 1967, ndi anthu ongodzipereka, osiya mabanja awo usiku chifukwa cha wina amene sadamvere za nyengo. Ndipo mapepala ake akhale olongosoka. Basi ya ku Joni anthu ena amadutsa nayo mwa njira zawo, koma chombo chotuluka m'dziko chimalembetsa padoko, dzina ndi pasipoti ya aliyense.

Ulendo weniweniwo, ukadzafika, sudzakhala umodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha: Hout Bay, Simon's Town, kuzungulira Cape Agulhas mpaka Mossel Bay, Gqeberha, East London, Durban, Richards Bay, kenaka Maputo ndi Inhambane. Pa doko lililonse adzadikira nyengo, mwina masiku awiri, mwina masabata awiri, ndipo kudikira kumeneko ndiko luso limodzi la kwathu limene lidzawoloke malire osasintha, pakuti msodzi wa ku Nkhotakota amadziwa kukhala pansi pa mtengo n'kumasoka ukonde mpaka mwera utaleka.

Tsono inu a ku Likoma, a ku Chizumulu, a ku Cobue ndi Metangula, ndi inu a kumunsi kwa Zambezi amene mumamva Chisena: akuluakulu oyendetsa zombo za matanga kwanuko amati chiyani akamasamutsa thanga kuchoka mbali ina kupita inzake? Mbali yochokera mphepo ndi mbali yobisika kumphepo amazitcha bwanji? Chingwe chokwezera thanga ndi chingwe cholikokera zili ndi mayina osiyana kapena ayi? Mukawafunsa, lembani monga momwe atchulira, ndi dzina la mudzi umene mwalimva, musalikonze kuti limveke ngati Chichewa cha pa wailesi.