Makina Osokera a Amalume Anga

Ulendo uno ndayamba ndaika pambali maphunziro a ana athu a ku madrasa kuti ndikambe nanu nkhani ya kwathu. Ndi nkhani ya amalume anga, amene Allah anawaitana m'mwezi wa July chaka cha 2024, ndiponso ya zimene ife abale awo tinatsala pang'ono kuchita m'dzina la kuwakumbukira.

Amalumewa anabadwira kunyanja, kufupi ndi Chipoka m'boma la Salima. M'zaka za m'ma 1980 anayamba geni ya usipa ndi utaka. Ankamanga dengu pa njinga, kudzera ku Golomoti, n'kukwera chitunda cha Khwekhwelere akukankha njingayo mpaka kukafika m'misika ya ku Dedza. Nthawi imeneyo maboma a Dedza ndi Ntcheu anali odzaza ndi abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, ndipo ndiwo zinkayenda malonda. Ndi phindu la usipawo anagula makina osokera a Singer, aja opalasa ndi mapazi, nakhala telala. Anakwatira mayi wa Chichewa m'dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka, mayiyo nalowa Chisilamu, iwo nakhala pa chikamwini. Pangano la mtendere la ku Mozambique litasainidwa mu 1992, othawa nkhondo aja anayamba kubwerera kwawo, koma amalume anali atazika kale mizu kumapiriko.

Inu a kunyanja amene simunafikeko, dziwani kuti dera la Kaphuka ndi losiyana ndi kwathu kuno. Anthu ake ndi Achewa, olima chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo gule wamkulu ndi mwambo wa makolo awo. M'boma lomwelo muli mapiri a Chongoni, kumene kuli zojambula zakale za pamiyala zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. M'miyezi ya June ndi July kumazizira moti munthu wobadwira pa mchenga wa kunyanja amalephera kugwira khasu m'mawa. M'mudzi mwa amalume Asilamu anali mabanja owerengeka chabe, ndipo tsiku la Ijuma iwo ankapalasa njinga mtunda wautali kuti akapeze mzikiti.

Ine ndinakakhala nawo m'chaka cha njala cha 2002, mayi anga atalephera kutidyetsa tonse. Njalayo inalipo kumapirinso, koma amalume anati mwana wa mlongo wawo sangagone ndi njala iwo ali ndi mapazi opalasira makina. Ndi pakhonde pawo, pambali pa makinawo, pamene ndinaphunzira alifu, be, te pa ubao. Akamasoka ankamvetsera ndikuwerenga, ndipo ndikalakwitsa makina ankaima, osanena kanthu, kufikira nditakonza ndekha. Chimene sindidzaiwala ndi madzi a Subuhi. Podziwa kuti mwana wa kunyanja adzadana ndi swala chifukwa cha chisanu, ankadzuka ine ndisanadzuke n'kunditenthetsera madzi otawazira m'kachitini. Sanandimenyepo chifukwa cha swala. Kachitini kaja n'kamene kanandifikitsa ku koleji ya Chisilamu.

Pano ndivomere kulakwa kwanga. Nditayamba ntchito ya umwalimu ndinatha zaka ziwiri osakwera kumapiri kukawaona. Ndinkati foni ikukwanira. Uthenga wa imfa yawo unandipeza ndili m'kalasi, ndipo ndinafika atawasambitsa kale.

Pa malirowo ndinaona chinthu chimene chinandichititsa manyazi. Asilamu tinalipo ochepa, osakwana kukumba manda m'dothi louma lija. Anakumba ndi adzukulu a m'mudzimo, Akhristu ndi a gule omwe. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire, anandikokera pambali nati: "Aphunzitsi, mutiuze kumene nkhope yawo iyang'ane. Atelalawa anatiuza kale kuti kwanu mumakumba kachipinda ka m'mbali." Ndinawalozera kumpoto, ku Qibla, ndipo anakumba mwanandani mwaluso ngati anthu ozolowera. Amayi a m'mudzimo anabwera ndi ufa, nkhuni ndi nyemba. Zoonadi maliro n'kulirana. Zimene anachitazi n'zimenenso Mtumiki Muhammad (SAW) analamula pamene Ja'far bin Abi Talib anaphedwa pa nkhondo ya Mu'ta mu 629: anauza anthu kuti aphikire banja la Ja'far chakudya, chifukwa ofedwa anali atatanganidwa ndi chisoni. Chakudya cha pa maliro chimachokera kwa anansi kupita kwa ofedwa.

Vuto linabuka pa tsiku lachitatu, ife a kunyanja titakhala pansi tisanabwerere. Akuluakulu a kwathu anati m'bale wathu wagona kuchilendo, choncho tiyenera kumuchitira sadaka yaikulu ya arobaini kwathu kunyanja, ya mpunga ndi mbuzi, kuti anthu adziwe kuti anali ndi abale. Ndalama panalibe, pakuti chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu zonse zinali zitakwera mtengo. Ndiye wina anati tinyamule makina aja tikagulitse. Winanso anati makinawo ndi anga ine, pokhala mwana wa mlongo wawo, monga umanenera mwambo wa mbumba. Abale anga, ndisakunamizeni, mtima wanga unawafuna makinawo. Sindinkafuna kuwagulitsa. Ndinkafuna kuwaika m'nyumba mwanga kuti ndiziwaona ndi kukumbukira amalume. Ndinakhala chete, ine mwalimu wodziwa malamulo.

Anatitsegula maso ndi azakhali, akazi a malemuwo. Analowa m'nyumba natuluka ndi kope la ana a sukulu lokutidwa ndi pepala la khaki, nandipatsa ine nati: "Inu ndinu owerenga, tawerengani izi abale anu amve." M'kopemo amalume analemba ngongole zawo zonse. Munali ngongole ya nsalu kwa wogulitsa wina wa pa boma, ya matumba awiri a feteleza kwa mnansi, ndi mayina a makolo amene analipiriratu mayunifolomu a ana awo koma asanasokedwe. Nditamaliza kuwerenga, panalibe wotchulanso za mbuzi.

Tiyeni tsopano tione chimene chipembedzo chathu chimaphunzitsa, poti ambirife timasokoneza ndondomeko yake. Chuma cha womwalira chimayamba chalipira zofunika pa maliro ake, monga sanda. Kenako ngongole zake. Kenako wasiya, ngati anasiya, ndipo wasiyayo usapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chumacho. Zotsalazo ndiye zimagawidwa kwa olowa m'malo monga zalongosoledwa mu Surat An-Nisa, ndime 11 ndi 12. Mkazi wamasiye amene mwamuna wake wasiya ana amalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu. Pamene pali mwana wamwamuna, abale ndi alongo a malemu salandira kanthu, ndipo mwana wa mlongo ngati ine ali kutali kwambiri. Amalume anasiya mwana wamwamuna ndi ana aakazi awiri. Makina aja sanali anga ngakhale pang'ono. Surat yomweyo, ndime 10, ikuopseza ndi moto anthu odya chuma cha ana amasiye mopanda chilungamo. Nalonso boma la Malawi linakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011, ndipo pa lamulo limenelo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo.

Za ngongole musazitenge mopepuka. M'buku la hadisi la Imam Bukhari muli nkhani ya jeneza limene Mtumiki (SAW) sanafune kuliswalira atamva kuti mwini wake wasiya ngongole popanda cholipirira. Analiswalira pokhapokha swahaba Abu Qatada atalonjeza kuti alipira yekha. Akuluakulu athu amati mlandu suola. Kodi mpunga wa arobaini ukanawathandiza chiyani amalume, mwini feteleza akudandaula mumtima?

Sindikulemba izi kuti ndidzutse mkangano wa sadaka. Tonse tikudziwa kuti kuyambira nthawi ya atsamunda Asilamu a m'dziko muno akhala akusiyana maganizo pa za maliro: a Qadiriya amaperekeza jeneza ndi sikiri, a Sukuti amaperekeza mwakachetechete, ndipo za tsiku lachitatu, lachisanu ndi chiwiri ndi la arobaini mashehe athu amazikamba mosiyana. M'banja lathu momwemo muli a mbali zonse ziwiri. Koma palibe shehe wa mbali iliyonse amene angalole kuti sadaka iphikidwe ndi chuma cha ana amasiye, kapena kuti mkazi amene ali pa eda ya miyezi inayi ndi masiku khumi alandidwe chodyera chake. Pamenepa tonse ndife amodzi.

Nanga womwalira timukumbukire bwanji? Kulira si tchimo. Mtumiki (SAW) anagwetsa misozi pamene mwana wake Ibrahim ankamwalira, ndipo analiranso pa manda a mayi ake Amina ku Abwa. Choletsedwa ndi kubuma, kudzimenya ndi kung'amba zovala. Hadisi ya Abu Huraira ya m'buku la Imam Muslim ikutiphunzitsa kuti ntchito za munthu zimatha akamwalira kupatula zitatu: sadaka yopitirira, maphunziro opindulitsa anthu, ndi mwana wabwino womupemphera dua. Swahaba Sa'd bin Ubada mayi ake atamwalira anafunsa sadaka yopambana yoti awachitire, nauzidwa kuti ndi madzi, ndipo anakumba chitsime m'dzina lawo. Naye Mtumiki (SAW), patapita zaka zambiri mayi Khadija atamwalira, akapha nkhosa ankatumiza nyama kwa anzawo a mayiwo. Ankawakumbukira posamala anthu amene iwo ankawakonda.

Ife tinachita motere. Ndalama zimene aliyense akanasonkha za mbuzi ndi mpunga tinazisonkhabe, koma tinayamba talipira nsalu ndi feteleza. Mwana wawo wamkazi wamkulu, amene ankawathandiza kusoka mabatani ndi mipendero, anakhala pa makina aja namaliza mayunifolomu onse sukulu zisanatsegulidwe mu September. Zotsala tinapereka ku komiti ya mjigo wa m'mudzimo, umene unali utafa kwa miyezi ingapo chifukwa cha mapaipi ndi mphira zotha, amayi n'kumakatunga kudambo. Pa tsiku la arobaini, amene mtima wawo unafuna anaphika chakudya chochepa ndi ndalama za m'thumba mwawo, naitana osauka ndi adzukulu aja. Palibe anakangana ndi mnzake.

Chaka chitatha ndinakweranso kumapiri kukazonda manda. Ndinatsika minibasi pa msewu wa M1 n'kuyenda wapansi, mphepo ikulowa m'mafupa. Ndisanafike pakhomo ndinamva kulira kwa makina, ndipo ndinaima kaye panjira chifukwa miyendo inandilemera. Pa mjigo panali mzere wa ndowa. Mwa amayi otunga aja ochepa okha ndi amene ankadziwa za sadaka yopitirira, koma onse ankadziwa kuti mjigowo unakonzedwa m'dzina la atelala. Ku manda ndinapereka salamu, ndinawapemphera chikhululuko, ndipo ndinapempha Allah andikhululukire ine za zaka ziwiri zija. M'mawa mwake, nthawi ya Subuhi, ndinadzuka msanga n'kutenthetsera madzi mdzukulu wawo wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene tsopano akuphunzira pa ubao womwe uja.

Abale anga, ndikusiyireni zinthu zinayi. Choyamba, gulani kope lero mulembemo ngongole zanu ndi za amene muli nawo ngongole, ndipo mkazi kapena mwamuna wanu adziwe pamene kopelo limakhala. Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqara, ikukamba za kulemba ngongole. Chachiwiri, maliro akagwa m'banja, musakambe za mpunga musanafunse za ngongole ndi za ana. Chachitatu, inu amene abale anu anakwatira kapena kukwatiwa kutali, pakati pa anthu a zipembedzo zina, lemekezani anansi awo, chifukwa tsiku lina ndi iwowo amene adzagwire khasu kumanda inu musanafike. Chachinayi, ngati muli ndi amalume, azakhali kapena agogo amene mwakhalitsa osawaona, konzani ulendo mwezi uno.

Ndikupempha aliyense wowerenga tsamba lino kuti pa swala yake awakumbukire amalume anga pamodzi ndi abale athu onse amene anatsogola. Allah awakhululukire, awakulitsire manda awo, awalowetse ku Jannah, ndipo atipatse ife otsala mitima yosamala amasiye. Amin.

Insha Allah tidzakumananso m'kope likubwerali. Wassalam Alaikum Warahmatullah Wabarakatuh.